Kodi charge-density wave ingatseke njira ya magetsi pamwamba pa topological insulator?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa fizikisi. Akuti anawerenga kuti pamwamba pa topological insulator, chinthu chimene m'kati mwake simuyenera kudutsa magetsi, magetsi amayenda nthawi zonse ndipo palibe chingawaletse. Kwina anawerenganso kuti charge-density wave imasandutsa chitsulo kukhala chinthu chosadutsa magetsi. Anaonanso zithunzi za pamwamba pa Bi2Te3, topological insulator yopangidwa ndi bismuth ndi tellurium, zodzaza ndi mafunde. Ndiye akufunsa kuti ziwirizi zikakumana, chimagonja ndi chiti, ndipo mafunde a m'zithunziwo ndi omwewo kodi?

Aphunzitsi, mwafunsa pamene akatswiri okhaokha anatsutsana kwa zaka. Pa zinthu monga Bi2Se3 (ya bismuth ndi selenium) ndi Bi2Te3, chimene chimagonja ndi charge-density wave, imene ndizingoitchula kuti CDW. Imavutika kubadwa pamenepo, ndipo ngakhale itabadwa singatseke njira yonse. Koma mawu akuti "palibe chingawaletse" ndi okokomeza, ndipo pali mtundu wina wa topological insulator umene umagonja mosavuta.

M'chitsulo wamba monga kopa, maelekitironi onyamula magetsi amagawanika mofanana, atomu iliyonse ili ndi gawo lolingana ndi la inzake. M'zinthu zina, zikazizira kufika pa mlingo wakutiwakuti, kufanana kumeneku kumatha. Maelekitironi amaunjikana pena n'kuchepa pena, motsatizana bwinobwino, ndipo maatomu nawo amasendera pang'ono kuwatsatira: imeneyi ndiyo CDW. Zili ngati munda wosalala umene mwapangamo mizere: dothi simunawonjezere, mwangolichotsa pakatipo n'kuliunjika pa mzere. Kusendera kwa maatomuwo n'kochepa zedi, kawirikawiri sikufika gawo limodzi mwa magawo 10 a mtunda wa pakati pa atomu ndi inzake, koma n'kokwanira kusintha khalidwe la chinthu chonsecho.

Amene anafotokoza chifukwa chake ndi Rudolf Peierls, ndipo kufotokozako kunasindikizidwa mu 1955. Ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa yankho lanu lonse lagona pamenepa. Tengani unyolo umodzi wa maatomu. Maelekitironi m'menemo ali ndi njira ziwiri zokha, kutsogolo kapena kumbuyo. Amadzaza malo kuyambira a mphamvu yochepa kukwera nawo, ndipo amene ali kumapeto kwenikweni, pa mlingo wa Fermi, ndiwo amanyamula magetsi. Elekitironi iliyonse ilinso funde lokhala ndi utali wake. Maatomu akasendera motsatizana pa mtunda wolingana ndi theka la utali umenewu, elekitironi yopita kutsogolo imabwezedwa kumbuyo, yobwerera imabwezedwa kutsogolo, ndipo ziwirizo zimasakanikirana n'kukhala funde loima. Mafunde oima amenewa amatuluka mitundu iwiri. Lina limaunjika maelekitironi pamene maatomu athinana, ndipo mphamvu yake ndi yotsika. Linalo limawaunjika pamene maatomu atalikirana, mphamvu yake ndi yokwera. Pakati pake pamatsala mpata wopanda malo oti elekitironi n'kukhalapo. Maelekitironi alipo okwanira kudzaza malo otsika okhawo, choncho onse pamodzi amatsitsa mphamvu yawo koposa imene yawonongeka posendeza maatomu. Chinthucho chimasankha chokha kupindika, ndipo chifukwa cha mpata uja magetsi amayamba kuvutika kudutsa.

Si za papepala chabe. K0.3MoO3 (ya potassium, molybdenum ndi oxygen), imene ili ndi maonekedwe a buluu, imasiya kukhala chitsulo ikazizira kufika pa 180 K (kelvin), ndiko kuti madigiri 93 pansi pa ziro. NbSe3, ya niobium ndi selenium, imapanga CDW kawiri, pa 145 K ndi pa 59 K, ngakhale kuti iyo imatsala ndi maelekitironi ena oyenda. Mu 1976 anapeza kuti mukaikankha ndi volteji yokwanira, funde lonse la mu NbSe3 limazuka n'kuyamba kutsetsereka litanyamula magetsi. Herbert Fröhlich anali ataliganizira kale zimenezi mu 1954.

Gwiritsitsani mfundo imodzi pa zonsezi: kuti CDW ya mtundu wa Peierls ibadwe, elekitironi yopita kutsogolo iyenera kutha kusakanikirana ndi yobwerera.

Tsopano tione mbali inayo. Mu labotale, crystal ya Bi2Se3, ndiko kuti chidutswa chimene maatomu ake andandalikana mwadongosolo, imakhala kachidutswa konyezimira kotuwa, kochepa kuposa chikhadabo. Amakamata pa kambale kachitsulo, pamwamba pake n'kumatapo kandodo kakang'ono. Akakalowetsa m'chipinda chachitsulo chimene achipopa mpweya wonse, amagogoda kandodoko ndi mkono wa makina. Kamagwa katanyamula magawo apamwamba a crystal, n'kusiya malo atsopano osalala amene mpweya sunawakhudzepo. Imasweka mosavuta chonchi chifukwa inamangidwa m'magawo, gawo lililonse lili ndi misanjo isanu ya maatomu, selenium, bismuth, selenium, bismuth, selenium, yokhuthala pafupifupi nanomita imodzi, ndipo magawowo amangogwirana mofooka. Kenako amawalitsapo kuwala kwa ultraviolet, maelekitironi amathothoka, makina n'kuyeza mphamvu ya iliyonse ndi kumene yalowera. Njira imeneyi imatchedwa ARPES. Pa chithunzi chotulukacho mumaona mpata wa m'kati mwa crystal, wokwana pafupifupi 0.3 eV (muyezo wa mphamvu ya elekitironi), kuposa kakhumi mphamvu ya kutentha kwa m'nyumba. Ndiye m'kati mwa mpatawo, mmene simuyenera kukhala kanthu, muli mizere iwiri yopingasana ngati chilembo cha X. Amenewo ndiwo maelekitironi a pamwamba, ndipo maonekedwe amenewa amatchedwa Dirac cone.

Charles Kane ndi Eugene Mele a ku University of Pennsylvania anatsegula nkhani ya topological insulator mu 2005. Gulu la Laurens Molenkamp ku Würzburg linaona zoyamba mu 2007 m'timagawo topyapyala ta HgTe, ya mercury ndi tellurium. Gulu la Zahid Hasan ku Princeton linaziona mu 2008 m'chosakaniza cha bismuth ndi antimony, ndipo mu 2009 Bi2Se3 ndi Bi2Te3 zinatsimikizika. Bi2Te3 yokhayo inali yodziwika kale kwa zaka zambiri, chifukwa ndi imene imakhala m'timbale toziziritsa ta Peltier. Anthu ankaigwiritsa ntchito osadziwa zimene zinali pamwamba pake.

Chodabwitsa pa maelekitironi a pamwambawa ndi spin. Elekitironi iliyonse ili ndi kamaginito kake kachibadwa, kamene timakajambula ngati kamuvi. M'chitsulo wamba, njira iliyonse ili ndi maelekitironi a spin zonse ziwiri. Pamwamba pa topological insulator njira iliyonse ili ndi spin imodzi yokha, yomangiriridwa ku kumene elekitironi ikulowera. Ngati yopita kum'mawa ili ndi kamuvi koloza kumpoto, yopita kumadzulo ili ndi koloza kumwera. Gwero lake ndi kulemera kwa bismuth, atomu ya nambala 83, mmene kuyenda kwa elekitironi ndi spin yake zimakokana mwamphamvu kwambiri. Mlonda wake ndi lamulo lakuti, pamene palibe maginito, kuyenda kulikonse kololedwa kumakhala kololedwanso mukakutembenuza kuti kubwerere m'mbuyo. Hendrik Kramers anasonyeza mu 1930 kuti lamuloli limaika maelekitironi awiriawiri, ndipo chotsatira chake n'chakuti chinthu chopanda maginito sichingasakanize awiri a gulu limodzi. Atomu yachilendo singathe, chibowo cha atomu yosowa sichingathe, kusendera kwa maatomu nakonso sikungathe. Elekitironi ya kum'mawa ndi ya kumadzulo zija ndi awiri otere.

Mwaona pamene zagundana. Chimene Peierls amafuna ndi chomwecho chimene Kramers akukaniza.

Mkangano umenewu unaonekera anthu asanayambe n'komwe kulankhula za topological insulator, ndipo nkhani yake ndimaikonda chifukwa imaonetsa mmene umboni wooneka bwino ungasocheretsere munthu. Mu 2003 Christian Ast ndi Hartmut Höchst anayeza mbali ya crystal ya bismuth yotchedwa Bi(111). Mukajambula njira zonse zimene maelekitironi a pa Fermi angalowere, pamodzi ndi liwiro lawo, mumapeza chithunzi chotsekeka. Pa zitsulo zambiri chimakhala chozungulira. Pa Bi(111) anapeza cha mbali zisanu ndi imodzi, mbali zake zowongoka ndi zoyang'anizana. Mbali zowongoka zoyang'anizana zimatanthauza kuti funde limodzi la maatomu likhoza kubweza maelekitironi ambiri nthawi imodzi, ngati mu unyolo uja. Akatswiri amati nesting. Poziziritsa, anaonanso chimene chinkaoneka ngati mpata ukutseguka, ndipo analemba kuti pali zizindikiro za CDW. Malinga ndi zimene zinkadziwika nthawi imeneyo, kuganiza kwawo kunali kwanzeru.

Chaka chotsatira, mu 2004, Yuri Koroteev ndi anzake anasonyeza kuti maelekitironi a pamwamba pa bismuth ndi ogawanika malinga ndi spin, moti mbali ziwiri zoyang'anizana zija zili ndi spin zotsutsana. Mu 2005 gulu la Philip Hofmann wa ku Aarhus, ku Denmark, pamodzi ndi anzawo, linafufuza CDW ija ndi maikulosikopu a mitundu iwiri komanso ARPES. Silinaipeze. Nesting inalipo ndithu, koma spin inatseka khomo. Bismuth yokhayokha si topological insulator yeniyeni, chifukwa m'kati mwake magetsi amadutsa pang'ono, koma phunziro la pamwamba pake ndi lomwelo.

Bi2Te3 nayo ili ndi chithunzi chonga chimenecho. Pafupi ndi mphambano ya X ija chimakhala chozungulira, koma mphamvu ikamakwera chimasanduka cha mbali zisanu ndi imodzi, kenako mbalizo zimalowa m'kati n'kukhala ngati nyenyezi. Liang Fu anafotokoza chifukwa chake mu 2009, ndipo anafunsa funso lofanana ndi lanuli: popeza nesting ilipo, pabadwa chiyani? Iye anaona kuti funde limene lingathe kulumikiza mbali za spin zotsutsana ndi limene limatembenuza spin, ndiko kuti funde la maginito, spin-density wave. M'funde lotere chimene chimasinthasintha motsatizana ndi kumene timivi taloza. Funde limenelo limaphwanya lamulo la Kramers lija, choncho lili ndi mphamvu yotsegula mpata. Umboni wovomerezedwa ndi onse woti limabadwa lokha pamwamba pa Bi2Te3 sunapezeke, ndipo sindidabwa, chifukwa maelekitironi a m'zinthu zimenezi sakankhana mwamphamvu.

Nanga mafunde a m'zithunzi mwaonawo? Zithunzi zotere zimachokera ku maikulosikopu ya STM, imene Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer anapanga ku IBM ya ku Zürich mu 1981. Singano yosongoka kufika pa atomu imodzi imayenda pamwamba pa crystal osaikhudza, n'kumayeza timagetsi todumpha pakati pake. Pafupi ndi atomu yachilendo, kapena pamene gawo lina la crystal lathera n'kupanga sitepe, maelekitironi obwera amakumana ndi obwezedwa, ndipo pamaoneka mafunde. Michael Crommie, Christopher Lutz ndi Donald Eigler anajambula otere pamwamba pa kopa mu 1993, ndipo kopa alibe CDW. Amenewa ndi mafunde a mtundu wa Friedel, ndipo ali ndi mwini wake, chilema chimene chawayambitsa. Mukamatalikira chilemacho amazilala.

Kusiyanitsa kwake sikovuta ngati muli ndi zithunzi zingapo. Sinthani volteji ya singano. Utali wa mafunde a Friedel umasintha, chifukwa volteji iliyonse imasankha maelekitironi a mphamvu ina. Utali wa CDW sumasuntha, chifukwa unakhomeredwa m'maatomu. CDW imakuta malo onse, imayamba pa kuzizira kwake kodziwika, ndipo mukawombera crystal ndi maelekitironi kapena X-ray pamatuluka madontho atsopano osonyeza kuti maatomu asintha kandandalikidwe. Munthu akandionetsa chithunzi chimodzi chokongola cha volteji imodzi n'kunena kuti wapeza CDW, ndimamupempha zithunzi zinazo ndisanayankhe.

Pa Bi2Te3 zithunzizo zilipo. Gulu la Xue Qikun ku Tsinghua mu 2009, ndi la Aharon Kapitulnik ku Stanford mu 2010, anajambula mafundewa pa mavolteji osiyanasiyana. Utali wake unkasintha. Pa mphamvu zotsika, pamene chithunzi cha njira chili chozungulira, mafundewo anali ofooka kwambiri. Ankalimba pamene chasanduka nyenyezi. A ku Tsinghua anaonanso kuti mafunde akusowa ku njira yolumikiza mbali zoyang'anizana, komwe CDW wamba ikanabadwira. Gulu la Ali Yazdani ku Princeton linapeza zofanana mu 2009 pa bismuth wosakaniza ndi antimony: kubwerera ndendende kumbuyo kunalibe.

Onaninso apa kuti mafundewo alipo, kutanthauza kuti maelekitironi akubwezedwa ndithu. Choletsedwa ndi kutembenuka kwathunthu, madigiri 180. Kukhotera kumbali, madigiri 60 kapena 120, n'kololedwa, chifukwa spin za njira zimenezo sizitsutsana kwathunthu. Ndiye chifukwa chake ndimakana mawu akuti magetsi a pamwambapa sakumana ndi chopinga. Amakumana nacho, waya wa Bi2Se3 umatentha ngati wina aliyense, ndipo m'ma crystal ambiri selenium wosowa amachititsa kuti m'kati namonso muzidutsa magetsi ambiri kuposa a pamwamba. Chimene zilema zopanda maginito sizingathe ndi kuimitsa maelekitironi a pamwambawo kotheratu.

Pali njira ina imene CDW imabadwira, ndipo ambiri olemba za nkhaniyi amaidumpha. Mu 2008 Michelle Johannes ndi Igor Mazin anasonyeza kuti m'zinthu zambiri nesting si imene imayambitsa CDW. Chitsanzo chachikulu ndi NbSe2, imene imapanga CDW pa 33 K koma n'kukhalabe chitsulo, mpaka kusanduka superconductor, chinthu chodutsa magetsi popanda chopinga, pa 7 K. M'menemo choyambitsa ndi kukokana kwamphamvu kwa maelekitironi ndi kunjenjemera kwa maatomu. Kunjenjemera kwa mtundu wina kumafewa pozizira mpaka kuuma pamalo amodzi. CDW yobadwa chonchi silabadira spin ya maelekitironi a pa Fermi.

Bi(114) ndiyo yaonetsa zimenezi poyera. Pa mbali imeneyi ya bismuth maatomu andandalikana m'maunyolo otalikirana, ndipo mu 2009 Justin Wells ndi anzake anapeza kuti maelekitironi ake amayenda motsata unyolo, opita ndi obwerera ali ndi spin zotsutsana. Malinga ndi zonse ndafotokozazi, pamenepa sipayenera kupindika. Koma mu 2019 Hofmann yemwe uja, amene anatsutsa CDW ya pa Bi(111), analengeza pamodzi ndi anzake kuti maatomu a m'maunyolowo amayandikana awiriawiri pozizira. Utali wa fundelo sunagwirizane ndi wa nesting. Pa mlingo wa Fermi sipanasinthe kanthu, kusintha kunaoneka pa maelekitironi akuya. CDW inabadwa, njira ya pamwamba n'kukhalabe yotseguka. Ena mwa olemba nawo ndi a ku Graz, ku Austria, kumene Anton Tamtögl ndi anzake amawombera ma crystal ndi maatomu a helium. Maatomu amenewa ndi ofatsa kwambiri moti amabwerera asanafike pa maatomu a crystal, amangokhudza mtambo wa maelekitironi wakunja. Ndi njira imeneyi analengezanso mu 2019 mafunde otsatizana pamwamba pa antimony, Sb(111). Ine ndimaona kuti pa zotsatira zoterezi malire a pakati pa CDW yeniyeni ndi mafunde a Friedel ofika patali ndi opyapyala, ndipo ndi bwino kuzitenga mosamala mpaka njira zina zitavomereza.

Chifukwa chimene njira singatsekeke ndi nkhani yowerengera. Pamwamba pa Bi2Se3 pali Dirac cone imodzi. Funde lililonse lopanda maginito likhoza kufafaniza ma cone awiriawiri okha, ina ndi inzake. Likhoza kuisuntha imodziyo, kuchedwetsa maelekitironi ake, kutsegula timipata m'mbali zina, ngakhale kubala ma cone ena atsopano, koma atsopanowo amabweranso awiriawiri. Mukayamba ndi imodzi, mumatsala ndi imodzi yopanda mnzake. Maginito amachotsa lamuloli. Mu 2013 gulu la Xue lija linathira chromium m'timagawo topyapyala ta bismuth, antimony ndi tellurium, n'kuziziritsa kufika pa 0.03 K. Mpata unatseguka pamwamba, magetsi n'kutsala akuyenda m'mphepete mokha, ku njira imodzi.

Kuwerengera komweku ndiko kumaulula mtundu umene umagonja. Pali zimene amazitcha weak topological insulator. Zimenezi ndi timagawo tosanjikizana, kagawo kalikonse kali ndi kanjira kake ka magetsi m'mphepete. Pamwamba penipeni palibe kanthu, koma m'mbali tinjirato timaphatikizana n'kupanga ma Dirac cone awiri. Awiri akhoza kufafanizana. Timagawo tikangoyandikana tiwiritiwiri, elekitironi yopita ya m'kagawo kena imasakanikirana ndi yobwerera ya m'kagawo koyandikana nako, ndipo ziwirizi si za gulu limodzi la Kramers, choncho palibe choletsa. Mpata umatseguka popanda maginito alionse.

Bi4I4, ya bismuth ndi iodine, ikuchita pafupifupi zimenezi, ndipo ikuzichita pa kutentha kwa m'nyumba, cha m'ma 300 K. Gulu la Takeshi Kondo ku University of Tokyo linasonyeza mu 2019 kuti ikakhala yofunda, mu mpangidwe wotchedwa beta, ili ndi maelekitironi oyenda m'mbali mwake monga weak topological insulator. Ikazizira pang'ono imalowa mu mpangidwe wa alpha, mmene kasanjidwe ka timagawo kamabwereza pakadutsa tiwiri m'malo mwa kamodzi, ndipo njira za m'mbali zimatseka. Kunena mosamala, uku ndi kusintha kwa kasanjidwe ka crystal yonse, si CDW ya pamwamba pokha, koma chotseka njira n'chimodzimodzi: utali wa kubwereza wawirikiza. Kwa amene akufuna switchi yoyatsa ndi kuzimitsa magetsi a pamwambawa, zinthu za mtundu uwu ndizo ndingawalozere, osati Bi2Se3.

Pa Bi2Se3, kupatula maginito, njira yodziwika yotsegulira mpata ndi kuipanga kukhala yopyapyala kwambiri. Mu 2010 anayeza timagawo tokhuthala mosiyanasiyana, n'kupeza kuti magawo akachepera 6, ndiko kuti pafupifupi mananomita 6, Dirac cone ya kumtunda imayamba kufikira ya kunsi kudzera m'kati mwa crystal, ndipo mpata umaoneka ndi kumakula pamene magawo akucheperachepera.